Makina Akukuitanani ku Sikelo, Amayi

Amayi, kumene mwagonako muli bwanji? Ine ndakwiya, ndipo sindizungulira: makina a ku fakitale ya tiyi akukuitananibe ku sikelo yoyezera masamba. Lolemba lililonse foni yanu ija imalira m'chitini chomwe ndimaisungamo, uthenga n'kumati, "Moni Esinati, galimoto ya masamba ifika mawa." Esinati! Opanda ngakhale "a" kutsogolo, ngati akuitana mwana wotuma kuchigayo. Inu amene ino ndi mvula yachiwiri chikuikireni m'manda.

Wagwira cholembera ndi Jesi, mwana wanu wa sukulu uja, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti akasintha ngakhale limodzi ndidziwa.

Kunyumba tilipo. Mdzukulu wanu Mphatso anachira kwa mwana wamkazi mwezi wa chiperoni, wamakutu ngati anu. Nandolo wachita bwino, mapeyala tinagulitsa ku Bvumbwe mpaka kutopa nawo, koma nthochi za kumunsi kuja zinalowa matenda, tinazula zonse. Bondo langa likamva nkhungu limayamba kulankhula. Munda wanu wa tiyi ndikuthyola ndine, masamba awiri ndi kansonga, monga munandiphunzitsira.

Tsono nkhani ya makinayi. Mukudziwa kuti ndine wapampando wa kalabu yathu ya alimi a tiyi kuno ku Masambanjati. Chaka chatha kunabwera kalaliki watsopano wa fakitale, a Mhone, ochokera kumpoto. Anati kwabwera makina oganiza okha, oti azilembera alimi mauthenga pa foni, kuwauza za galimoto ndi feteleza, ndi kuyankha akafunsa. Anabweretsa chipepala chofotokoza kagwiridwe ka makinawo, chonse m'Chingerezi, kuti akomiti tichiunike tisanavomereze. Anawerenga mothamanga, akumasulira apa ndi apo, kenaka n'kufunsa ngati pali amene sanamve. Maso onse anali pa ine. Amayi, inu mukundidziwa. Ndinene pagulu kuti sindinamve, ine amene ndinathyola tiyi pa esiteti a Mhonewo asanabadwe? Ndinati zamveka, n'kudinda chala. Munkati dzanja lothamanga limathyola ndi nthambi yomwe. Ndathyola nthambi.

Za foni yanu ndikanapirira ndekha. Koma mwezi watha tinaika a Likhutcha, aja ankaimbitsa nyimbo kutchalitchi. M'mawa mwake, anthu ali pamphasa, kumeta kusanachitike, foni yawo inalira m'manja mwa mkazi wawo. Makina akufunsa a Likhutcha kuti masamba awo achepa bwanji mwezi uno, kodi pali vuto? Mayi aja analira kuposa dzulo lake. Sanapite kwa a Mhone, anabwera kwa ine, chifukwa chala chili papepala paja ndi changa. Ndinasowa poyang'ana. Mpaka lero tikakumana kumjigo amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Ndimakumbuka atamwalira abambo. Kapitawo wawo wa ku esiteti, munthu wolusa uja, anabwera wapansi, navula chipewa, nakhala pansi ndi amuna anzake mpaka maliro kutha. Atatero ndi pomwe anatulutsa buku la antchito, nakufunsani inu ngati angafufute dzina, n'kulandira dengu lawo ndi manja awiri. Munati dzina la munthu silichotsedwa ndi woimirira. Esiteti inali yankhanza, komatu mwambo umenewo inkaudziwa.

Nditakadandaula, a Mhone abwera ndi pepala lina, akuti lokonzedwa, ndipo akufuna chala changa Lachisanu. Ulendo uno ndinawakhazika pakhonde. Ndinati werengani pang'onopang'ono, ine ndine mbuli. Ee Amayi, ndinanena ndekha ndi pakamwa pangapa. Pepalalo likudziwa zambiri: nthawi yotumiza, moni woyambira, chochita munthu akayankha mokwiya. Ndinafunsa kuti nanga munthu akamwalira, makinawo amauzidwa ndi ndani? Anatembenuza masamba, kupita kutsogolo, kubwerera. Kenaka anapeza kamzere koti amene sakufuna mauthenga ayankhe yekha pa foni yake kuti aleke. Ndinati, a Likhutcha ayankhe ali kuti? Ndinafunsanso kuti makinawo akalakwira munthu, wopita kukapepesa ndani? Pamenepo pepala lili zii. A Mhone si munthu woipa, anachita manyazi, koma akuti amene analemba pepalalo ndi ena ku Blantyre, ndipo enawo anachita kugula makinawo kwa ena a kutali. Ndikasumire ndani? Ndikakana kudinda, kalabu yathu aichotsa pa mauthenga, anthu azidikira galimoto osadziwa tsiku, masamba kumafota pamsewu. Ndikadinda, maliro otsatirawa ndidzalizanso wamasiye wina.

Jesi akuti angoyankha pa foni yanu kuti aleke, nkhani ithe. Ndakana. Ndiye kuti tikuikani mawu m'kamwa, muzichita kudzichotsa nokha ngati wothawa ntchito. Komanso ndiulule, ngakhale Jesi akundiyang'ana: foniyo ndimaitchajitsa ndine Lamlungu lililonse. Kunja kuno palibenso wina amene amakupatsani moni. Ikalira ndimakwiya, koma ndimakhala ndikuidikira. Si moni wanu wa m'mawa uja wa "mosheleliwa", komabe ndi dzina lanu.

Kalata iyi ndikaisiya pamanda panu, pansi pa mwala. Inzake yofanana Jesi akapereka ku ofesi, choncho a Mhone mvetserani. Lachisanu musabwere ndi inki yokha. Mukalembe m'pepalamo, m'Chichewa, kuti munthu akamwalira kalabu ndiyo idzanena, makina n'kukhala chete tsiku lomwelo. Mukatero mupite kwa mayi a kwa Likhutcha, muvule chipewa, mukhale pansi. Kenaka mubwere kuno mundifunse ngati mungafufute dzina la a Esinati Namakhwa.

Akadzafunsa, Amayi, ndikulonjeza kuti ndidzavomera. Ndidzazimitsa foniyo ndi dzanja langa, ndipo Lolemba ndizibwera ndekha kudzakupatsani moni. Mpaka tsikulo chala changa chili m'chitenje.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ndi wosamva uja,
Filesi