Nsapato Zimene Unasiya Pansi pa Benchi

Wokondedwa mwana wanga Kanyundo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi masisitere onse amene ukukhala nawo kumeneko. Kuno tilipo. Amayi ako miyendo ija imawavutabe kukazizira, koma pakamwa pokha mpabwinobwino, sipanadwalepo. Mlongo wako akadali kugalaja, ndipo amabwerabe kunyumba manja ali bii.

Usadabwe ndi zilembo zikuluzikuluzi. Ndalemba ndekha, ndakana kulemberedwa. Zaka zitatu wakhala ukundilembera ine osayankha, ndiye sizikanakhala bwino kuti yoyambayi ilembedwe ndi dzanja la wina.

Kalata yako yomaliza amayi ako anandiwerengera kawiri. Akuti wamva kuti maso anga akuchita chidima, ndipo ukuganiza zoleka malumbiro ako a mwezi wamawa kuti ubwere udzandithandize m'shopu. Amene anakuuza za masowo ndikumudziwa, timagona nyumba imodzi.

Sindikubisira, mwana wanga, nditamva zimenezo ndinasangalala. Ndi zimene ndakhala ndikufuna zaka zonsezi.

Ukukumbukira mmene unayambira ntchito? Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, unkakhala pa kachitini ka penti kaja n'kumawongola misomali yopindika, lilime lili panja. Dzina loti Kanyundo linachokera pamenepo. Pofika zaka khumi ndi zisanu unali utandiposa kale kusoka soli, ngakhale sindinakuuzepo. Makasitomala ena ankasuzumira pakhomo, akaona kuti ndili ndekha ankati abweranso madzulo. Ndinkaseka nawo, koma kankandibaya ndithu.

Ndinkakuphunzitsanso kuwerenga munthu pa nsapato zake. Dalaivala amatha chidendene chakumanja chokha. Mphunzitsi amatha pansi pa chala chachikulu chifukwa chotembenukira kubolodi. Chidakwa chimatha mbali zonse, kenako n'kumadzanamizira msewu. Ndinkadzitama kuti palibe angandibisire moyo wake atandipatsa nsapato, iwe n'kumangogwedeza mutu.

Ndine ndemwe ndinayamba kukutuma Loweruka kukasiya nsapato kunyumba ya masisitere. Ulendo wa mphindi khumi unkakutengera maola awiri. Ndinkaganiza kuti pali wina amene akukuimika panjira, mpaka ndinatuma mlongo wako kuti akuzonde. Anabwera akuseka, nati anakupeza m'katchalitchi kawo uli chete wekhawekha. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati bola kumeneko, kulibe angandilande mwana.

Tsiku limene unandiuza kuti ukufuna kulowa usisitere silichoka m'mutu mwanga. Ndinali ndi misomali pakamwa, ndinachita kuilavula kuti ndilankhule bwino. Ndinati masisitere aja akunyengerera. Ndinati zimenezi n'za miyezi iwiri, zitha ngati chimfine. Ndinati Mulungu ali ndi ana ambirimbiri, koma ine wodziwa ntchito ndili naye mmodzi yekha, ndipo ukapita usadzapondenso m'shopu mwanga.

Iwe unangomaliza nsapato imene inali m'manja mwako, n'kuipukuta, n'kukoleka epuloni pamsomali pake. Tsiku lonyamuka sindinakuperekeze kokwerera basi. Ndinatsegula shopu m'mamawa n'kumamenya nyundo mwamphamvu kuti ndisamve mukudutsa.

Kuyambira pamenepo nsapato za masisitere ndinazikana. Ku Misa ndinkapitabe, koma ndinkakhala benchi yakumbuyo, manja ndili pindepinde, ngati munthu wobwera kudzamvera mlandu wake.

Tsopano imva zimene zachitika. M'mawa mwake nditamva kalata yako, ndinapita kushopu ndikuimba likhweru, kuti ndikakonze malo ako. Ndinasuntha benchi yako kuti ndisese, ndipo pansi pake ndinapeza katoni. Munali nsapato zako zakuda zija ndinakusokera utamaliza sukulu.

Ndinazinyamula mwachizolowezi, n'kuyamba kuziyendetsa zala, pajatu masiku ano zala ndiye maso anga. Zidendene zinali bwino. Koma kutsogolo, pamwamba pa zala, chikopa chinali chitapalika mpaka kuyera, ndipo soli inali ndi mzere umodzi wakuya pamene inkapindikira.

Kathedwe kameneko ndimakadziwa. Zaka makumi atatu ndinkakaona pa nsapato za asisitere okalamba a magalasi aja, ndipo nthawi zonse ndinkawaikira chigamba pazala. Zimatha choncho nsapato za munthu wogwada nthawi yaitali pa simenti, tsiku ndi tsiku. Sizitheka m'miyezi iwiri.

Pansi pa katoniyo panalinso tinsapato tako ta kupulayimale, ta lamba tija. Natonso chimodzimodzi. Nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe n'komwe kukutuma kwa masisitere. Ndipo ndikukumbuka ndikutikonza tinsapato timeneto, ndikukukalipira kuti umamenya miyala pochokera kusukulu. Iwe unkangoti pepani bambo.

Ndinakhala pa kachitini kako kaja nsapato zili pamiyendo, n'kulira. Ine wowerenga tauni yonse, mwana wanga yemwe osamuwerenga! Mayi wina analowa ndi nsapato yoduka lamba, atandiona anafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ndi guluu, amalowa m'maso.

Ndiye ndikuti usabwere, Kanyundo. Ndakusowa kwambiri, ndipo shopu ija popanda iwe imangokhala ngati yobwereka. Koma ukabwera chifukwa cha maso anga, ndidzakhala ndakuba, ndipo ndizidzakuona tsiku lililonse ukusoka pambali panga mtima uli kwina.

Za maso usade nazo nkhawa. Adokotala akuti ndi ng'ala, ndipo amachotsa. Pakadali pano mlongo wako amandilowetsera ulusi m'singano khumi asanapite kuntchito, ulusi wake n'kumanunkha oilo. Amayi ako atenga udindo wopaka polishi ndi kucheza ndi makasitomala, makamaka kuchezako. Mwina shopu idzathera pa ine. Zimandiwawa, sindinama, koma imeneyo ndi nkhani yanga, si yako.

Ngati uli ndi kukayika kwakokwako mumtima, kambirana ndi akuluakulu ako, upemphere, usathamange. Zimenezo ine sindizidziwa, ndine wosoka nsapato chabe. Koma ngati chikukukayikitsa ndine, ndichotsepo. Amene anakuitana anayamba kalekale, pamene ine ndinkati ndi miyala. Mukhulupirire, pita ukalumbire.

Undikhululukire mawu aja. Khomo la shopu ndi lako, ukadzabwera kutchuthi udzalowe osagogoda, epuloni yako ili pomwe paja.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, undifunsire kwa Amayi Aakulu a chipani chanu ngati angalole bambo wouma mutu kudzakhala nawo pa mwambowo. Benchi yakumbuyo ndinaizolowera, siindivuta.

Chachiwiri, ponda pa katoni ujambule mapazi ako monga tinkachitira chaka chilichonse. Uimirire, usakhale pansi. Ujambule madzulo phazi litatupa, pensulo ili chilili, ndipo onse awiri, pajatu lakumanzere lako ndi lalikulu pang'ono. Utumize msanga, masiku atha. Ndili ndi chikopa chakuda chofewa chimene ndinabisa kalekale kuti ndidzakusokere za ukwati. Zidzakhala zopanda zokometsera, monga amafunira kwanuko. Ndipo poti tsopano ndikudziwa pamene zidzayambire kutha, pazala ndidzaika chikopa chiwiri.

Amayi ako akupereka moni, akuti iwo anadziwa kalekale, ndipo mawu amenewa ndiwamva mpaka kumanda. Mlongo wako akuti uzimupempherera, ine ndikuti uyambire manja akewo. Undiperekere moni kwa masisitere onse, uwauze kuti amene nsapato zatha atumize, shopu yatsegulidwanso.

Mulungu amene ndakangana naye zaka zitatu akusunge, mwana wanga. Wapambana ndi Iyeyo.

Ndine bambo ako,
Wosoka nsapato uja.