Mankhwala Amene Sindinabwere Nawo

Lachinayi, 10 Julho

Ndafika ku Ntengo-Wambalame. Fumbi m'mphuno, msana wophwanyika ndi chapa, kaminibasi ka kuno. Kuzizira kwa kwathu ndinali nditakuiwala. Amayi akalamba, koma mawu akadali omwe aja. Pakhonde anthu ambiri, ena sindikuwadziwa n'komwe. Aliyense "adotora Adelaide, adotora." Ndimayesa ndi ulemu chabe.

Kenako amayi anandionetsa foni. Kavidiyo kaja ka ku laboratoriyo yathu ku Porto. Ine m'chovala choyera, ndikunena m'Chipwitikizi kuti mankhwala athu aletsa HIV kuswana m'maselo. Maselo a m'kambale kagalasi! Mawu amenewo anatayika panjira. Kuno kwafika zoti mwana wa a Jacinta wapeza mankhwala ochiziratu.

Ndinafuna kuwongola. Amayi anali akusenda kachewere, akuimba. Ndati mawa.

Mlongo wanga Leonardo sanabwere kudzandichingamira. Akuti ntchito ya fodya yamugwira ku Chidzolomondo.

Lamulungu, 13 Julho

Kutchalitchi. Mapemphero atatha, akatekisita a Abílio anandiimiritsa. "Mulungu wayankha kudzera mwa mwana wathu yemwe." Nthungululu. Amayi misozi mbwembwembwe, akugwedeza mutu. Ine ndinaimirira, ndinamwetulira, ndinati zikomo. Basi. Zikomo!

Mawu oona anali pakamwa pomwepa. Sanatuluke. Ndipo m'manja muja akuomba, mumtima munakoma. Chimenecho ndiye chikundiwawa kwambiri.

Panja mayi wina wa mwana kumbuyo anandigwira chigongono, nandinong'oneza: "Mundisungireko kabotolo kamodzi, sindiuza munthu."



Lachiwiri, 15 Julho

Ku Chidzolomondo. Chapa, kenako mota, njinga yamoto ija, tsiku lonse panjira.

Leonardo ndinamupeza pamphasa pafupi ndi chigafa cha fodya, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Masaya olowa. Chifuwa chosalekeza. Si fodya amene anamugwira.

Mlamu wanga Graça anandikokera kuseri. Akuti anasiya kumwa mapiritsi ake a HIV a kuchipatala Pasaka itangodutsa, tsiku limene anaona kavidiyo. Anati watopa nawo, adikira enieni a mana wake, ndiye kuti ine mlongo wake. Graça anamupempha, analira, mpaka anaopseza zobwerera kwawo. Osatheka.

Leonardo ndinamukalipira. M'Chipwitikizi, ngati ndikukalipira mwana wasukulu, anthu oyandikana nawo akumva. Iye anangondiyang'ana mpaka ndinatha mpweya.

"Mana, mwabwera nawo?"

Lachitatu, 16 Julho

Ndamuuza zoona m'mawa, akumwa phala.

Ndinayamba ndi zimene ndimadziwa. Kuti m'thupi muli tinthu totchedwa kinaze, timene timayatsa ntchito za m'selo, ndi tina, fosifataze, timene timazimitsa. Kuti kachilombo kakalowa kamabera kinaze kuti kaswane. Kuti zaka pafupifupi makumi awiri ndakhala ndikufuna njira yotsekera kinaze imodzi yokha, kachilomboko kasowe pogwira. M'kambale zinatheka. Titapatsa mbewa, chiwindi chinawonongeka. Palibe munthu amene anamwapo. Mwina sadzamwapo.

Sindinafotokozepo ntchito yanga m'Chichewa. Lero ndiye poyamba, ndipo ndaifotokoza kwa munthu amene yamugoneka pamphasa.

"Ndiye zaka zonsezi mumachiza mbewa?"

Ndinati ayi, mbewazo zinafa.

Anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwitsa. Kenako anatembenukira kukhoma.

Lachinayi, 17 Julho

Furancungo, kuchipatala. Leonardo pakati, wamota kutsogolo, ine kumbuyo nditamukumbatira kuti asagwe. Nthiti zonse ndimazimva m'manja. Munthu amene ankanyamula thumba la feteleza ndi dzanja limodzi.

Amutenga makhololo, akuganizira chifuwa chachikulu. Amugoneka. Enfermeira wake, namwino Neusa, mtsikana waulemu, maso otopa. Akumupima anangoti si yekhayu, miyezi ino angapo asiya kubwera kudzatenga mapiritsi, akuti kukubwera mankhwala atsopano ochokera ku Ulaya. "Kaya bodza limeneli linachokera kuti."

Anandifunsa kuti ndine ndani wake. Ndinati mlongo wake. Anafunsa ntchito yanga. Ndinati ndimakhala kunja.

Loweruka, 19 Julho

Ndi chifuwa chachikuludi. Ayamba mankhwala ake. A HIV abwereranso pakapita masiku. Graça watsala naye. Pondiperekeza pageti sanandinene kanthu. Bola akanandinena.

Ndabwerera kwa amayi. Ndawauza zonse, za Leonardo, za mbewa, za enawo. Ndati mawa ndiimirira kutchalitchi ndinene zoona.

"Ufuna ndiziyenda bwanji m'mudzi muno? Ndatsala pang'ono kufa, undisiyire ulemu wanga."

Ndati anthu afa, amayi. Analowa m'nyumba, nakoka chitseko.

Uthenga wa ku Porto: akufunsa ngati ndibwerera pa nthawi yake, tiyambe kuyesa mtundu wina wa mankhwalawo. Sindinayankhe.

Lamulungu, 20 Julho

Ndinapita. Ndinakhala benchi lakumbuyo. Nthawi ya zolengeza a Abílio anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu. Ndinayang'ana duku la amayi kutsogolo. Sindinaimirire.

Ndaimapo pamaso pa akatswiri odzaza holo, m'zilankhulo za eni, osanjenjemera. Lero tchalitchi cha malata chandigonjetsa.

Mayi wa mwana uja anandipatsa moni ndi manja awiri.

Lolemba, 21 Julho

Mamawa, chisanu chili mbuu pa udzu. Amayi agogoda. Avala nsalu yawo ya kumaliro ndi nsapato za ulendo. Maso otupa, sanagone.

Akuti usiku wonse amaona Leonardo ali khanda. Akuti kavidiyoko anayenda nako ndi iwo, khomo ndi khomo, ndipo amene akudwala matendawa amawadziwa, chifukwa ambiri anawaululira okha pofuna kuti adzawapempherere botolo. Kutchalitchi sangaulule munthu, akuti, ndipo ena sapemphera kwathu. Tipite m'nyumba mwawo.

"Ine ndikagogoda ndi kupepesa. Za mbewa zakozo ukanena ndiwe."

Ndafunsa kuti ndi nyumba zingati. Angoti nditenge madzi akumwa, tibwera dzuwa litapendeka.

Sindikudziwa kuti ndikayamba ndi mawu ati. Akuitananso panja, akuti tiyambira kutsidya kwa dambo, kwa mnyamata wina amene sakudzukanso