Mizere Yanu Ndaifufuta, Bambo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Nanga maso aja, mankhwala akuthandizako? Kuno tili bwino. Mdzukulu wanu wayamba kuyenda chogwirira mipando, moti laputopu tsopano imakhala pamwamba pa kabati.

Nkhani yomwe ndikulemberayi ndi ya chiyankhulo cha kompyuta chija munayambitsa ndi anzanu, chomwe lero ndikudyerapo ine.

Gawo lofananitsa maonekedwe munalemba nokha. Paja munkati ntchito yake ili ngati ya wosankha makalata: chinthu chikabwera, pulogalamu ione ngati ndi mndandanda wopanda kanthu, wa chinthu chimodzi kapena wa zambiri, nkuchiika pake. Wolemba pulogalamu akaiwalako mtundu umodzi, kompaila, chida chounika zomwe walembazo, imuchenjeze.

Abwana adandipatsa ntchito yolikulitsa gawolo. Anthu akhala akupempha kuti mzere umodzi wa pulogalamu uzigwira maonekedwe angapo, komanso kuti azitha kufananitsa manambala a pakati pa malire awiri. Miyezi iwiri ndinkayesa kumanga pa maziko anu, koma zinkangogwa.

Ndipamene ndidapeza chilema. Maonekedwe akalowetsana katatu, china mkati mwa chinzake, kompaila imangokhala chete ngakhale wolemba waiwala mtundu wina.

Chaka chatha mayi wina wolemba mapulogalamu a chipatala adatidandaulira zomwezi. Pulogalamu yake inkadumpha odwala omwe sadayezedwe kulemera, ena nkulandira mankhwala mochedwa. Tidamuyankha kuti awerengenso bwino malangizo. Amene adalemba yankho limenelo ndine. Ndamva kuti ntchito idamuthera pomwepo.

Lachiwiri tidakumana kuntchito, m'chipinda chokhala ndi bolodi yoyera, kukambirana za chilemacho. Wandevu, mnzanga wa desiki yoyandikana ndi yanga, adafunsa kuti gawolo adalemba ndani. Ndidati mbiri yakale idasokonekera, sikuoneka. Abwana adangondiyang'ana nkunena kuti chabwino, tipitirize. Bodza limenelo likundiwawa mpaka lero.

Mizere yanu ndaifufuta yonse, Bambo, nkulemba yatsopano. Ikugwira bwino, ndipo pulogalamu ya mayi uja nditaiyesa, chenjezo lidatuluka nthawi yomweyo.

Pempho langa ndi ili. Mwezi wamawa tikulengeza zatsopanozi kwa onse. Ndikufuna ndilembemo chilungamo: kuti chilemacho chidalipo kuyambira pachiyambi, kuti gawolo munalemba inu, kuti wokana dandaulo ndinali ine, ndiponso kuti mayiyo sadalakwe. Mwina kalata yoteroyo ingamuthandize kupeza ntchito ina. Koma dzina ndi lanu, sindingalitulutse musanavomere.

Musaganize kuti ndikukuweruzani. Ndisanafufute, ndidapeza mawu omwe munasiya pakati pa mizereyo: pano sipanathe, ndibwererapo mwana akatuluka m'chipatala. Nditayang'ana deti, ndi mwezi uja adandichita opaleshoni ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndidatuluka panja, nkukaima pa masitepe kufikira misozi itauma.

Mwanayo adatuluka, Bambo. Wachedwa, koma pamalo paja wamalizapo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, azakhali ndi achimwene. Ngati maso akuvuta, Amayi akuwerengereni, ndipo yankho lanu, kaya ndi lotani, ndilimvera. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu,
Chitsirizira