Timitsempha ta Lyness

5 Juni 1987, Usisya
Tabwerako pa sitima ya panyanja. Adokotala a ku Blantyre akuti mitsempha ikuluikulu ya mtima wa mkazi wanga Lyness ili bwino, koma timitsempha ting'onoting'ono sitikudutsa magazi mokwanira. Opaleshoni ayi. "Mpeni sungafikepo pamenepo," anatero. Kapiritsi pansi pa lilime chifuwa chikamanga. Kuyenda pang'onopang'ono m'mawa. Ntchito yolemetsa asiye. Chinangwa ndasinja ndekha, ana anga a sukulu akusuzumira pampanda.

14 Juni
Wafika mpaka kutchalitchi osapumira panjira. Milomo yake yabwerera mtundu. Wandiseka, ati ife a ku Ntcheu ngakhale munsi sitidziwa kugwira.

19 Juni
Kukubwera mkulu wachipani. Amayi onse kubwalo tsiku lililonse, kukonzekera magule. Anyamata a malaya ofiira khomo ndi khomo. Wowatsogolera Davison, amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo. Ndamufotokozera za matenda. "Bala lake lili pati, aphunzitsi? Tionetseni."

22 Juni
Anyamata aja anabwera ndili m'kalasi. Anamukoka Lyness pa mkeka mpaka kubwalo. Ndinathamanga choko chili m'manja. Ndinamupeza pakati pa amayi, dzuwa lili pamutu, akuvina atagwira pachifuwa. Atagwada anamudzutsa ndi chikoti. Ndinakuwa. Chibonga pakamwa, nsapato m'nthiti. Kabotolo ka mapiritsi kanagwa kuchokera m'thumba langa, Davison n'kukaponda. Ng'oma sizinaleke.
Mano anga awiri atsala kubwalo komweko.

23 Juni
Lyness thukuta lozizira. Kupweteka kwafika kunsagwada ndi kumkono. Ndakapeta mchenga wa pabwalo ndi lichero, kufuna mapiritsi. Magalasi okhaokha. Sitima kulibe mpaka sabata yamawa. Mlamu wanga Simeon wavomera kutitengera kuchipatala pa boti lake, ngakhale mphepo ya mwera yakula.
Lyness akuti, "Musakalimbane nawo, ada. Mudzangosowa."

29 Juni
Sitinafike ku Nkhata Bay. Lyness anatsamira pamwendo wanga. Simeon anazimitsa injini osandifunsa.
Davison anabwera kumaliro. Anakumba nawo manda. Anandipatsa moni ndi manja awiri, ine n'kuyankha.

2 Julayi
Ndabwerera kusukulu. Bertha, mlongo wake wa Davison, Sitandade 4, anaiwala kulemba tsiku pamwamba pa tsamba. Basi, chokhacho. Ndinamumenya mpaka ndodo inathyoka, n'kutenga rula. Magazi pa yunifolomu.
Sanalire. Anangoti, "Pepani aphunzitsi, za amama a kunyumba."
Mawa akabwera sindidziwa kuti ndimuyang'ana bwanji.