Pepala Limene Linakweza a Nakhumwa Phiri

Likhubula,
Mulanje.
9 Epulo 1911.

Okondedwa achemwali anga a Dainess,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Domasi. Malaya amene munandisokera ndinalandira. Manja ake atalika pang'ono, koma ndikuvala Lamulungu lililonse. Ine kuno ndili bwino, kungoti mwezi wathawu ndinalakwitsa chinthu, ndipo ndaona kuti ndi bwino mumve kwa ine mwini wake musanamve kwa anthu a ku mishoni.

Paja ndinakuuzani kuti pa sukulu yanga pali ana makumi atatu ndi mmodzi, ndipo ambiri ndi ana a Alomwe amene aoloka mtsinje wa m'malire wa Muloza zaka zochepa zapitazi. Ana amagwira Chinyanja msanga, koma makolo awo ambiri sachimva bwino, ndipo ine Chilomwe sindinadzivute kuchiphunzira. Ndinakhala pano chaka ndi miyezi inayi osapondako pakhomo pa kholo ngakhale limodzi. Ndinkati ntchito yanga imayambira pa bolodi n'kuthera pa chitseko.

Chimanga chitayamba kukhwima, ana anayamba kujomba. Anyani a m'phiri lino si amasewera, amatsika gulu lonse, ndiye makolo amatumiza ana kukakhala pa chilindo tsiku lonse. Masiku omwewo uthenga unafika kuti mzungu woyendera sukulu adzabwera kumapeto kwa Malichi, ndipo sukulu imene ana ake sakwana makumi awiri adzaitseka.

Ndinaganiza nzeru imene ndinkaiona ngati yaikulu. Ndinang'amba mapepala m'kope langa n'kulemba makalata khumi ndi asanu ndi awiri, banja lililonse yake. Ndinawapinda bwino, n'kumata ndi utomoni, ndipo popereka kwa ana Lolemba ndinawauza kuti asatsegule chifukwa ndi za akuluakulu. Achemwali, sindinadzifunse n'komwe kuti akuluakuluwo akawerenga bwanji.

M'mawa mwake ndinaimba chitsulo kwa nthawi yaitali, kunabwera ana asanu ndi mmodzi. Tsiku linalo anayi. Mtima unandipsa, ndipo ndinalembera ku mishoni kuti anthu a kuno ndi ouma mitu, safuna kuphunzira, kuli bwino andichotse. Kalatayo ndinatumiza tsiku lomwelo, ndisanaphwe mkwiyo.

Lachisanu masana kunabwera a Pilato. Amenewa ndi bambo achikulire, Mlomwe amene anafika kuno kalekale n'kukhala wamtengatenga zaka zambiri, motero amalankhula zinenero zonse ziwiri. Anakhala pa benchi ya ana, n'kuyamba andifunsa za moyo. Kenako anati, "Aphunzitsi, mwatumiza chiyani m'mudzimu?"

"Makalata chabe," ndinatero.

"Amuna atatu anathawa tsiku lomwelo. Awiri anali kutchire kuno, ndawabweza ine. Koma a Nakhumwa, bambo ake a Enifa, akwera phiri, ndipo akazi awo amanga kale katundu. Tiyeni mukaone."

Enifa ndi mtsikana wa zaka ngati khumi ndi chimodzi, amene amawerenga bwino kuposa onse. Tinapeza amayi ake ali okha pakhomo, miphika ndi mphasa zili zomangidwa pakhonde. Sanandiyalire mphasa. Anapita kunkhokwe n'kusolola kanthu padenga pake, kokulungidwa m'tsamba la nthochi. Inali kalata yanga, utomoni wake uli chimatire. M'nyumba sanafune kuti igonemo.

Analankhula m'Chilomwe modekha, a Pilato akumasulira. Anati, "Kwathu tsidya lija, pepala likafika pakhomo, m'mawa mwake kumabwera anthu ndi chingwe. Mlongo wanga anamutenga ndi pepala, mpaka lero sitinamve kumene ali. Ife tinasiya minda kuthawa zimenezo. Lero pepala latipeza kuno, walibweretsa ndi mwana wathu yemwe."

Ndinatsegula kalatayo n'kuwerenga mokweza. Mawu ake anali awa okha: Kwa makolo a Enifa. Mwana wanu ndi wanzeru, amaposa anzake powerenga. Chonde mumulole azibwera tsiku lililonse.

A Pilato atamasulira, mayiwo anapukusa mutu. "Analemba ndi yemweyu, akuwerenganso ndi yemweyu. Atha kunena chilichonse."

Kenako mayiwo anaganiza pang'ono, n'kundiuza kuti ndikakhale patali, pansi pa mtengo wa mpoza, ndipo ndisatsegule pakamwa. Anaitana Enifa amene anali kumtsinje, amene sanamve zimene ndinawerenga, n'kumupatsa pepalalo. Mwanayo anaika chala pa mzere woyamba, akuwerenga liwu limodzilimodzi n'kumalitembenuza m'Chilomwe. Atafika pa mawu akuti wanzeru anaima, anawerama ndi manyazi, mpaka amayi ake anamugwedeza phewa kuti apitirize. Atamaliza, mayiwo anatenga pepala lija, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti dzina la mwana wawo lili pati. Enifa analoza. Anakhudza pamenepo ndi chala chawo, kenako anandiitana.

"Ndamva," anatero. "Koma mwamuna wanga ali kumwamba uko. Ndikamutumizira mawu aganiza kuti mwandikakamiza. Amene anamukweza apite yekha akamutsitse."

Loweruka m'mawa tinanyamuka ndi a Pilato. Inu mukundidziwa kuti ndinakulira pa benchi, sindine munthu wa mapiri. Njira yake ndi yamiyala yoterera, ndipo tisanafike pakati ndinavula nsapato n'kuzikoleka m'khosi. Dzuwa litapendeka tinafika pamene anthu amacheka matabwa a mkungudza. A Nakhumwa tinawapeza ali m'dzenje, akukoka macheka kunsi kwa chipika, mutu wonse uli mbuu ndi utuchi. Atandiona anasiya macheka, maso ali kunkhalango. Ndinakhala pansi msanga n'kuwapatsa moni wa Chilomwe amene a Pilato anandiphunzitsa m'njira. Ndinaulakwitsa kwambiri moti ocheka anzawo anaseka, ndipo ndikuganiza kuti kuseka kumeneko n'kumene kunawaletsa kuthawa.

A Pilato anafotokoza zonse, za pepala ndi za Enifa. A Nakhumwa anamvetsera akuchotsa utuchi m'makutu. Pomaliza anandifunsa funso limodzi lokha: "Aphunzitsi, kuchokera ku sukulu kufika pakhomo panga, ndi kutali kuposa kuno?"

Ndinati ayi.

"Chabwino. Tiyeni."

Tinatsika m'mawa mwake. Asanalowe m'nyumba anapita kumunda, ine ndili pambuyo. Masiku onse amenewo pa chilindo panalibe munthu, chifukwa mayi ndi mwana ankaopa kutalikirana ndi pakhomo, ndipo anyani anadya pafupifupi theka la munda. A Nakhumwa sanandikalipire. Anangoyenda m'mizere akutola zitsononkho n'kumaziunjika pamodzi. Kukanakhala bwino akanandinyoza, achemwali. Ndinayamba kutola nawo, osadziwa kuti tikutoleranji.

Sabata lomwelo a Pilato anaitana makolo onse. Makolowo anakana kukumana m'sukulu, tinakumana pabwalo pa a Nakhumwa, ine ndili pamphasa ngati wina aliyense. Ena ankati sukulu iyambe yaima mpaka atakolola. Amake Enifa ndiwo anakana. Anati, "Tsiku lina pepala loipa lidzabweradi. Ine ndikufuna kuti pakhomo panga pakhale wina wodziwa kusiyanitsa."

Tinakambirana mpaka mthunzi unatembenuka. Anagwirizana kuti minda yoyandikana izikhala ndi mlonda mmodzi wamkulu, mosinthana, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lifike pamutu, kuti ana akhale m'sukulu nthawi imeneyo, ndipo ine ndiziwamasula msanga kuti akalandire akuluakuluwo kuminda. Ine anandipatsa lamulo lakuti ndikakhala ndi mawu ndizibwera ndi miyendo, ndipo ngati ndi olembedwa, pepalalo libwere lotsegula, mwana aziwerenga makolo ake akuona. Anapemphanso kuti Lachisanu lililonse aziloledwa kudzamva zimene ana awo amachita m'nyumba imeneyi, pakuti ambiri anali asanasuzumiremo. Ine ndinapempha kuti Loweruka ndizilonda munda wa a Nakhumwa mpaka akolole. Anavomera, ngakhale anati anyani akandiona ndi malaya aatali manjawa adzandiyesa mlendo n'kudza kudzandipatsa moni.

Mzungu anafika Lachisanu lomaliza la Malichi. Anapeza ana makumi awiri ndi atatu, ndipo kumbuyo kwawo amayi asanu ndi awiri atakhala pansi akusenda nyemba, ndi a Nakhumwa ataima pa zenera. Ana atatuluka, mzunguyo anatulutsa m'thumba kalata yanga ya ku mishoni ija n'kufunsa kuti choona n'chiti, cholembedwacho kapena chimene waonacho. Ndinamuuza kuti kalatayo ndinailemba ndi mkwiyo, ndipo woumitsa mutu ndinali ine. Ndinafotokoza zonse, osasiyako za munda. Sukulu sanaitseke. Koma maphunziro apamwamba aja amene ndinkayembekezera kupita chaka chino, akuti ndidikire kaye. Zinandiwawa, sindingakubisireni. Alamu muwauze mwa njira imene mungaone kuti ndi yabwino, pakuti ndi iwo anandilankhulira kuti ndipeze mwayiwo.

Tsopano ndayendera makomo khumi ndi limodzi, atsala asanu ndi limodzi. Kulikonse amandikonza Chilomwe changa n'kundipatsa nyemba za kalongonda, moti ndayamba kuzolowera. Ngati ku sitolo ya kwanuko kuli mapensulo a sileti, nditumizireniko ngakhale khumi okha. A kuno atha, ana ena akulemba ndi makala pa zidutswa za matabwa zimene a Nakhumwa anatsika nazo.

Dzulo, ndikuchokera ku chilindo, amake Enifa anandiitana kuti ndimwe thobwa. Analankhula Chinyanja chawo chochepacho, popanda womasulira. Anafunsa ngati amayi anga ali moyo. Ndinati ali moyo, akukhala ndi achemwali anga ku Domasi. Anafunsa ngati amawerenga. Ndinati ayi. Anafunsa kuti ndinawaona liti. Ndinawerengera mumtima, ndinapeza kuti patha zaka zitatu. Iwo anangoti, "Ndiye nawonso mumawatumizira mapepala," n'kutenga chikho kukatsuka.

Moni kwa alamu, moni kwa Lenard ndi Marjory, muwauze kuti amalume awo anakwera phiri la Mulanje nsapato zili m'khosi. Koma amayi musawawerengere kalatayi monga muchitira masiku onse. Mungowauza pakamwa kuti sukulu ikatsekera mwezi wa Juni ndikunyamuka, ndidzadzera pa Nkando, ndipo tsiku lachinayi ndidzakhala pakhonde pawo. Za moyo wanga asakufunseni inu. Ndidzawauza ndekha, akundiona.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Samueli.