Dzina la a Jameson pa Ntchito Yanga

Dar es Salaam
Lachitatu, 18 Juni

Achimwene Anock,

Monire nonse ku Chisenga. Muli bwanji inu ndi alamu anga a Maggie? Nanga bondo la adada likuwalola kufika kutchalitchi ndi chisanu chotsika ku Mafinga chimenecho? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. N'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Mukadakwera pachulu paja kusaka netiweki n'kuyamba kundiseka ndisanamalize, ndipo ine ndikadabisa zina.

Mumakonda kunena kuti ndimalipidwa poyang'anitsitsa galasi tsiku lonse. Lero mupirire ndikufotokozereni ntchitoyo, chifukwa mlandu wanga uli momwemo. Kampani yathu ili ndi makompyuta akuluakulu obwereketsa. Mu kompyuta iliyonse timagawamo tizipinda, kasitomala aliyense kake, ndi njira zakezake zotumizira mauthenga. Kasitomala akachoka, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, imene timaitcha kenelo, imatuma wosesa kukachotsa njira zija. Wosesayu si munthu, ndi kachigawo ka pulogalamu yomweyo.

Vuto lake kiyi wa tizipinda tonse ndi mmodzi. Wosesa akamutenga, palibe angatsegule kachipinda katsopano mpaka iye amalize. Tizipinda tambiri tikatsekedwa nthawi imodzi, mzere umakhala ngati wa pachigayo cha ku Boma magetsi akangobwera.

Anandipatsa ntchito yofupikitsa mzere umenewu, ndipo ndinalimbana nayo miyezi itatu. Ndinakonza zoti wosesa azibweza kiyi akasesa tizipinda tingapo, odikira adutse, kenako azimutenganso. Kudikira kwa masekondi makumi anayi kunatsika mpaka sekondi imodzi. Ndinanyada, sindibisa.

Tsono pantchito yathuyi pali mwambo. Aliyense wosintha kanthu mu kenelo amalemba dzina lake pansi, n'kutumiza pagulu la akatswiri a m'mayiko ambiri. Iwo amawerenga poyera, ndipo akapeza cholakwa amakalipanso poyera. Dzinalo limatanthauza kuti wolemba ndine, ndipo zikavuta woyankha ndine. Ine ndinachita mantha. Ndikadali pa miyezi yoyesedwa, komanso mukudziwa mmene tinakulira: mwana wamkazi sathamangira kutsogolo akulu ali pomwepo.

Ndinapita kwa a Jameson, a ku Karonga aja amene anandipezera malo kuno. Ndinawapempha kuti atumize ntchitoyo m'dzina lawo. Anakana kawiri. Anati ulemu wa kwathu ndi wabwino pamaliro ndi paukwati, koma pano dzina silibwereketsedwa ngati khasu. Ine ndinaumirira masiku atatu, ndikuwatchula adada, mpaka anagonja. Anawerenga ntchitoyo, osaona cholakwa, n'kulembapo dzina lawo. Akunja aja anaiyamikira, ndipo ine ndinasangalala ndili kumbuyo kwawo.

Lolemba la sabata yatha m'mawa, makompyuta athu khumi ndi anayi anazima motsatizana. Makasitomala anakhala maola asanu opanda ntchito, ndipo mafoni a muofesi sanapume. Titafufuza tinapeza kuti ndi kusintha kwanga kuja. Pa kanthawi kamene wosesa wabweza kiyi, wina ankayamba kugwiritsa ntchito njira imene wosesayo anali ataiwerengera kale m'zotaya. Iye pobwerera ankangoitaya mwini wake ali momwemo, kompyuta n'kugwa. Poyesa sitinazione chifukwa makompyuta oyeserapo sakhala otanganidwa chonchi. Ndinalira mvula osaganiza za matope.

Akuluakulu anangoyang'ana dzina. A Jameson anawaimitsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo Lachisanu lino kuli msonkhano woti aone ngati awachotseretu. Akachotsedwa, chilolezo chawo chokhalira muno chimatha, ana awo atatu n'kusiya sukulu pakati pa chaka.

Chimene chandidwalitsa n'chakuti iwo sananditchule. Ndinapita kunyumba kwawo Loweruka. Akazi awo, amayi Ruth, anandilandira ndi tiyi ndi mandazi, akundiuza karibu ngati kale, ndipo ndinazindikira kuti sakudziwa kanthu. Potuluka a Jameson anandiperekeza mpaka pokwerera daladala, maminibasi a kuno, n'kundiuza kuti nditseke pakamwa. Anati iwo agwira zaka khumi, mwina awamvera chisoni, koma ine ndikangoyankhula andipitikitsa tsiku lomwelo, chifukwa kubisa wolemba ndi mlandu woposa kugwetsa makompyuta. Anatinso atsikana a ku Chitipa pantchito ngati iyi ndi owerengeka, asachepenso ndi mmodzi.

Achimwene, ndinavomera. Masiku atatu ndinakhala pampando wanga ndikumva anzanga akunena kuti mdala uja wakalamba, maso ayamba kumunamiza. Ndinangoti duu. Sindinadzidepo chotero chibadwire.

M'masiku omwewo ndinakonza cholakwacho. Tsopano wosesa amayamba waika chizindikiro pa njira iliyonse yoti itayidwe, kuti wina asailowenso, ndiye n'kubweza kiyi. Ndinayesa pa makompyuta odzaza dala ndipo sanagwe. Lero m'mawa ndatumiza kukonzako pagulu lija m'dzina langa lonse. Pamwamba pake ndalemba kuti ntchito yoyamba ija inalinso yanga, ndipo a Jameson anasaina chifukwa ndinawakakamiza. Mawu omwewo ndawatumiza kwa akuluakulu. Zolembedwa pagulu limenelo sizifufutika, aliyense wofuna kundilemba ntchito m'tsogolo adzaziwerenga.

Pasanathe ola a Jameson anaimba foni. Ndimayembekeza kukalipiridwa. Iwo anangoti pamzere wa makumi awiri ndi zitatu wa zimene ndatumizazo ndabweza kiyi mochedwa pang'ono, ndikonze msanga akunja aja asanaone, ndipo nditumizenso m'dzina lomwelo. Kenako anadula foni. Ndinakalirira kuseri kwa ofesi, ndipo nditabwerako ndinakonza.

Za Lachisanu sindikudziwa. Tsopano oitanidwa tili awiri. Mwina apulumuka iwo, mwina tichoka tonse, pakuti nawonso anaphwanya mwambo posaina. Ngati mundiona ndikutsika minibasi pa Boma ndi sutikesi yanga mwezi wamawa, musadabwe.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa adada nokha, Lamlungu lisanafike, mukawawerengere kalatayi yonse. Ndikudziwa amaimirira kutchalitchi kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wawo wa makompyuta, ndipo sindikufuna aimirirenso asanamve. Ndikukudziwani inu, mudzafuna kusalaza kuti makina ndiwo analakwa. Musatero. Makamaka musadumphe pamene ndanena kuti ndinakhala chete masiku atatu munthu wosalakwa akunyozedwa. Zoti makompyuta anagwa adada sizidzawapweteka, chidzawapweteka n'chimenecho, ndipo ndikufuna achimve kuchokera kwa ine.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, kwa azakhali a ku Misuku, ndi kwa amalume ngati abwerako ku Nakonde. Amama muwauze kuti ndikudya, ngakhale sizoona kwenikweni. Mukamapemphera mutchule banja la a Jameson poyamba, ine pambuyo.

Tsalani bwino. Yewo chomene.

Ndine mlongo wanu,
Edna Nalungwe