Dimba la Amayi Ako Lili pa Mapu

Mwana wanga Esinati,

Landira moni wochokera kwathu kuno ku Unit D. Ine ndilipo, koma miyendo ndiyo ikuvuta. Kaya iwe ku Joniko?

Lachiwiri kunabwera akatswiri oyeza nthaka chifukwa cha ming'alu ija ya khoma la nyumba yathu. Mayi wina mwa iwo anandionetsa mapu pakompyuta, ojambulidwa kuchokera kumwamba. Anati mondilemekeza ngati agogo, "Sekuru, m'kati mwa mzere wofiirawu monse ndi dambo. Nyumba yanu ikutitimira, musamuke mvula isanagwe."

Ine maso anali kuseri kwa nyumbayo pamapupo. Mwanawe, chithunzicho anajambula amayi ako ali moyo. Dimba lawo likuoneka lobiriwira, mizere ya repu ili yowongoka. Lero pamenepo pali udzu wokhawokha.

Bwera udzandisamutse. Ndawapempha atisindikizire chithunzicho papepala, kuti dimbalo tidzapite nalo.

Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.